Prog rock: gulu lalikulu ndi liti, nanga limene linasintha anzake ndi liti?

Kaseti_C90
Akuluakulu, ndithandizeni mlandu uwu. Dzulo ine ndi alamu anga tinakangana mpaka nsima kuzizira patebulo. Iwo akuti pa magulu onse a prog rock wamkulu ndi Pink Floyd, palibenso zokambirana. Ine ndikuti Floyd ndi amene anagulitsa kwambiri, sindikana, koma kugulitsa ndi kwina, ukulu ndi kwina. Kwa ine ndi Yes. Ndinawaikira Close to the Edge kuti adzimvere okha, atangomvera mphindi ziwiri akuti, "Kodi ayamba liti kuimba, kapena akadakunga zingwe?" Ndinatsala pang'ono kuwalanda mbale ya ndiwo. Ndiye mafunso anga ndi awiri ndipo musawaphatikize chonde. Gulu lalikulu kuposa onse ndi liti? Nanga limene linasintha kaimbidwe ka anzawo ndi liti?

MwanaWa2000
Pepani madala, prog rock ndiye chamba chanji chimenecho?

Besi_wa_Ndirande
Chamba chakale mphwanga. Ndipo ukamva nyimbo zina za m'menemo umachita kudziwa kuti chamba chinacho chinadutsapo kkkk

MphunzitsiWopuma
Musamuseke mwana, wafunsa bwino. Mwana wanga, imeneyi ndi rock imene idaphuka ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, n'kufika pachimake pakati pa 1971 ndi 1975. Anyamata a nthawi imeneyo adatopa ndi kanyimbo ka mphindi zitatu: ndime, kolasi, ndime, kolasi, basi yatha. Adayamba kubwereka ku nyimbo za classical, ku jazz, ena ku kwaya ya kutchalitchi kumene adakulira, n'kumapeka nyimbo za zigawozigawo. Ukayang'ana kutalika kwa nyimbo zawo zikuluzikulu uona kuti zikufanana: Echoes ya Pink Floyd mphindi 23, Supper's Ready ya Genesis pafupifupi 23, Tarkus ya Emerson, Lake & Palmer (ELP) 20, Close to the Edge 18. Sikuti adapangana ayi. Mbali imodzi ya mbale ya galamafoni inkalandira mphindi zongopitirira pang'ono 20, ukaunjikiza zambiri mawu ankachepa mphamvu. Mbaleyo ndi imene inkawauza kuti apa lekezani.

Tsono kwa a Kaseti. Funso lachiwirilo n'losavuta, yankho ndi King Crimson. Pa 5 July 1969 adaimba ku Hyde Park ku London kutsegulira Rolling Stones, pamaso pa chinamtindi cha anthu, asanatulutse ngakhale chimbale chimodzi. Mu October chaka chomwecho In the Court of the Crimson King chidatuluka. Mverani zimene Yes ndi Genesis ankaimba chimbalechi chisanatuluke, kenako mumvere za pambuyo pake. Genesis adafika pogula Mellotron kwa King Crimson yemweyo. Funso loyambalo ndiyankha ndikamwa tiyi.

Singano_ya_Galamafoni
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwadumpha kalasi. Moody Blues adatulutsa Days of Future Passed mu 1967, Crimson isanabadwe n'komwe. Chimbale cha nkhani imodzi, tsiku la munthu kuyambira mbandakucha mpaka usiku, orchestra ili momwemo. Mellotron mukuitamayo, Mike Pinder wa Moody Blues adagwirapo ntchito kufakitale yake ku Birmingham. Ndiye woyamba ndani?

MphunzitsiWopuma
Achimwene, sanafunse woyamba, afunsa amene adasintha anzake. Moody Blues ndi nyimbo zokoma koma zofatsa, mungaimvere ndi apongozi. Crimson adabwera ndi ukali. Pakati pa 21st Century Schizoid Man gitala, saxophone, besi ndi ng'oma zimathamanga limodzi n'kuima limodzi ngati asilikali pa perete. Oimba anzawo adamva zimenezo n'kubwerera kunyumba kukayeseza.

MwanaWa2000
Mellotron ndi munthu kapena chida?

Besi_wa_Ndirande
Chida. Ndi kiyibodi yoti pansi pa batani lililonse pali tepi yakeyake, yojambulidwa mawu a vayolini, kwaya kapena chitoliro. Ukadina tepi imayenda masekondi 8 okha n'kutha, ndiye woimba amayenera kumasuntha zala ngati nkhanu kuti mawu asaduke. Magetsi akangotsika mphamvu nyimbo yonse imapotoka. Kuno kwathu sichikanamaliza nyimbo imodzi.

Jozi_NightShift
Ine ndili mbali ya alamu anu a Kaseti. Mukuti kugulitsa si ukulu, koma nyimbo imaimbidwira ndani? The Dark Side of the Moon chinatuluka mu March 1973 ndipo chinakhala pa mndandanda wa Billboard ku America zaka zoposa 14. Anthu sagula chinthu zaka zonsezo chifukwa chonamizidwa.

Ndikuuzeninso chimene ndinaona kuno ku Joni. Ndimalondera pa fakitale ina limodzi ndi mdala wina amene anakulira ku Cape Town. Usiku wina kawailesi ka m'kanyumba kathu kanaika Another Brick in the Wall. Mdala uja anaika kapu ya tiyi pansi n'kuyamba kuimba motsitsa mawu, maso ali kukhoma, ine osandiona n'komwe. Itatha anandiuza kuti mu 1980, ali pasukulu, ananyanyala makalasi pokana maphunziro a tsankho, ndipo nyimbo imene ankaimba pamsewu inali imeneyi. Boma la apartheid linailetsa chaka chomwecho. Ndiye ndiuzeni, ndi boma liti linachitapo mantha ndi nyimbo ya Yes?

Kaseti_C90
Boma lingaope bwanji nyimbo yoti mawu ake apolisi angawerenge sabata yathunthu osatolapo kanthu kkkk. Apo ndavomera. Koma nyimbo mwatchulayo si prog achimwene. Ng'oma zake ndi za disco, ndipo maganizo amenewo, ngakhalenso a kwaya ya ana asukulu ija, anali a Bob Ezrin amene ankawajambula.

Ng'omaZisanu
Ndinene zimene ena akuopa kunena: Floyd ndi blues yoyenda pang'onopang'ono itavala jekete. Pa ng'oma Nick Mason sachita chilichonse chimene mwana wa kubandi ya kutchalitchi sangachite. Werengani besi ya Money, imakwana 7, osati 4 kapena 8, pamenepo ndimawapatsa ulemu. Saxophone imalimbana ndi 7 ameneyo mpaka kumapeto kwa gawo lake. Koma ikafika nthawi yoti David Gilmour alize gitala, onse amabwerera ku 4 kuti bwana ayende pamsewu wa tala.

Jozi_NightShift
Kuvuta kwa nyimbo si kukoma kwake. Gilmour amaliza manotsi 4 okha pa Shine On You Crazy Diamond, tsitsi limaima. Wina amaliza 400, iwe n'kumaganiza za ngongole yako.

NachisaleLeicester
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuyembekeza kuti wina atchule Genesis bwinobwino, koma mukungoidutsa ngati siteji yopanda okwera. Ine Phil Collins ndinamudziwa ngati wina aliyense kumudzi, nyimbo zachikondi za pa wailesi ndi za pa ukwati. Nditabwera kuno ndinayamba ntchito yosamalira okalamba. Gogo wina wamwamuna, amene dzina la mwana wake weniweni ankaliiwala, ankandipempha kuti ndimuikire Selling England by the Pound akamadya. Piyano ya kumayambiriro kwa Firth of Fifth ikangoyamba, zala zake zinkayenda pa thireyi ndendende ndi Tony Banks, osaphonya. Ndi iyeyo amene anandiuza kuti woimba ng'oma m'menemo ndi Collins yemweyo. Ndinamutsutsa mpaka anandionetsa chikuto.

Chimene Genesis anali nacho, chimene Yes analibe, ndi nthano. Peter Gabriel ankasimba nkhani, ndipo ankaisewera. Mu 1972 ku Dublin anatulukira pa siteji atavala diresi lofiira la mkazi wake ndi chigoba cha mutu wa nkhandwe, anzake m'gululo osadziwa kanthu. Ife amene tinakulira kumene kumatuluka zilombo sitifunika kutiuza chimene chigoba chimachita kwa oonerera. Ndipo mukamakamba za kusintha anzawo, werengani zimene zinatuluka m'gulu limodzi lokhali. Steve Hackett ankagogoda zingwe ndi zala za dzanja lamanja pakhosi pa gitala mu 1971, Eddie Van Halen asanatchuke nazo. Gabriel atachoka mu 1975 anaimba Biko mu 1980, anayambitsa chikondwerero cha WOMAD mu 1982, anaimba ndi Youssou N'Dour mu 1986. Oimba ambiri a ku Africa anafika m'makutu a azungu kudzera pakhomo limenelo.

Besi_wa_Ndirande
Achemwali mwalankhula bwino koma mwabera. Zimene Gabriel anachita atachoka musawerengere Genesis. Mwana akakwatira n'kumanga nyumba yake, malata ake sawerengera bambo ake. Ndipo Genesis ya pambuyo pa Hackett ija, ya Invisible Touch, mukuiika mbali iti?

NachisaleLeicester
Ndikuiika mbali yomweyo imene inu mukuika Owner of a Lonely Heart ya Yes. Tisanamizane, onse anakadya ku pop m'ma 1980.

Jozi_NightShift
Eya, ndipo nyimbo imeneyo ndi ya mwana wa kuno. Trevor Rabin anabadwira ku Johannesburg, ankaimba mu Rabbitt asanapite kunja. Ndi nyimbo yokhayo ya Yes imene inafika pa nambala 1 ku America. Ndiye a Kaseti gulu lanu lalikululo linachita kupulumutsidwa ndi munthu wa ku Joni.

Kaseti_C90
Kupulumutsidwa m'thumba, osati m'nyimbo. Ndiloleni nditeteze gulu langa tsopano, chifukwa mwandiunjikira.

Tengani miyezi yosakwana 24, kuyambira February 1971 mpaka September 1972. The Yes Album, Fragile, Close to the Edge. Zimbale zitatu, palibe chogwa mphwayi. Ndi gulu liti lina linachita zimenezo mothamanga choncho? Ndipo m'gululi munalibe wokwera ulere. Chris Squire ankaliza besi ya Rickenbacker ngati kuti ndi gitala yotsogolera, mawu ake okhadzula, osati kumangogunda pansi ngati mtondo. Steve Howe ankachoka ku country kupita ku flamenco m'nyimbo imodzi. Bill Bruford pa ng'oma, Rick Wakeman pa makiyibodi, ndiye mawu a woimba wawo Jon Anderson pamwamba, Squire ndi Howe akupolokoza ngati kwaya. Squire anakulira mu kwaya ya tchalitchi ndipo zimamveka.

Chimene alamu anga sanapirire kuti amve n'chakuti chisokonezo cha kumayambiriro chija chili ndi kumene chikupita. Kanyimbo kamene gitala imatulutsa chisokonezocho chikatha kamabwereranso kangapo katasintha zovala, kenako zonse zimazima n'kutsala madontho a madzi ndi mawu ofewa, kenako limba la m'tchalitchi lenileni limagwa ngati denga. Ukafika kumapeto umamva kuti wayenda ulendo ndipo wafika. Floyd amakugoneka pamphasa, Yes amakukweza phiri.

Singano_ya_Galamafoni
Nanga Tales from Topographic Oceans? Mbale ziwiri, nyimbo 4, mphindi 80. Phiri limenelo ngakhale Wakeman adatsikira panjira. Nkhani yotchuka ija, yoti ku Manchester adaitanitsa curry n'kumadya pa siteji anzake ali mkati moimba, inali ya ulendo wa chimbale chimenechi. Chaka chotsatira adachoka.

Kaseti_C90
Wakeman yemweyo amene mu 1975 anakaimba za King Arthur ku Wembley, ovina akutsetsereka pa ayezi? Ameneyo asatiphunzitse za kudziletsa.

MwanaWa2000
Koma madala inu munkazimva kuti nyimbo zimenezi? Pa MBC?

Singano_ya_Galamafoni
MBC iti mwanawe kkkk. Wailesi inali imodzi, ndipo nyimbo ya mphindi 20 ikanadya nthawi ya mauthenga a maliro. Ine ndidazipeza kwa malume anga amene adakaphunzira ku Britain n'kubwera mu 1974 ndi sutikesi yolemera mbale kuposa zovala. Adatsika ndege ndi tsitsi lofika m'khosi, adatuluka pabwalo la ndege litametedwa, poti nthawi ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali sankaloledwa. Ndiye tangoganizani, m'nyumba muli zikuto za azungu a tsitsi lofika m'chiuno, ife tikumvera chitseko chili chotseka. Galamafoni inali ya mabatire, akamatha Greg Lake wa ELP ankayamba kuimba ngati ng'ombe. Singano ikayamba kudumpha tinkaika kandalama pamwamba pake. Mbale ya Tarkus ili ndi ine mpaka lero, inapindika chifukwa mlongo wanga adaisiya pawindo.

WaKuChipata
Imwe a ku Malawi mukamba za azungu maningi. Ife kuno m'ma 1970 tinali ndi rock yathuyathu. WITCH ya Jagari Chanda, Lazy Bones ya 1975. Amanaz ndi chimbale chawo Africa, chakanso chomwecho. Paul Ngozi ndi Ngozi Family, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Manje azungu omwewo akuzifunafuna mbale zimenezo, ndipo Jagari wayendanso dziko lonse ndi WITCH atakalamba.

Besi_wa_Ndirande
Zamrock, rock ya ku Zambia imeneyo, ndimaikonda achimwene, koma si prog. Muzu wake ndi Hendrix, Rolling Stones, James Brown, Black Sabbath. Dzina lakuti Jagari lomwelo linachokera kwa Jagger. Mukafuna Africa m'nkhani ino tchulani Osibisa, anyamata a ku Ghana ndi ku Caribbean amene anakumana ku London mu 1969. Zikuto za zimbale zawo ziwiri zoyamba, za njovu zouluka zija, anajambula Roger Dean mu 1971, choyambacho asanayambe kujambulira Yes. Ndiye maonekedwe amene anthu amati ndi a Yes anayamba kuoneka pa chimbale cha Teddy Osei, mtsogoleri wa Osibisa.

WaKuChipata
Chabwino, si prog. Koma tinavina, imwe munali kumetedwa.

Singano_ya_Galamafoni
Aaa, pamenepo mwandipweteka kkkk

Ng'omaZisanu
Tibwerere ku mlandu. Umboni wanga ndi munthu mmodzi, Bill Bruford. Mu 1972 Yes itangomaliza kujambula Close to the Edge, ndalama zayamba kulowa, America yatseguka, iye ananyamuka kupita ku King Crimson kumene kunalibe chitsimikizo chilichonse. Woimba amene anali mkati mwa gulu la a Kaseti anaona kuti kotsogola ndi kwa Robert Fripp, wa gitala wa Crimson. Ine ndingatsutse bwanji?

Ndipo Crimson siinaime pamodzi. Ya 1969 ndi ina. Ya Red mu 1974, anthu atatu, Fripp, John Wetton ndi Bruford, ndi yolemera ngati metal koma yowerengera modabwitsa. Starless ija, gawo lapakati Fripp amangobwereza kanotsi kamodzi n'kumakwera pang'onopang'ono, besi ikuzungulira pa 13, mpaka umafuna kukuwa kuti bambo tamasulani. Kenako Fripp anathetsa gululo, n'kudzalidzutsa mu 1981 ndi Adrian Belew ndi Tony Levin. Discipline ndi chimbale chimene ndimapatsa ana amene ndimawaphunzitsa ng'oma. Magitala awiri aliyense akuyenda ndi kawerengedwe kake, amasiyana, amasiyana, kenako amakumananso. Nditachimva koyamba ndinakumbuka mangolongondo kwa agogo anga, anthu awiri atakhala moyang'anana, wina akuponya m'mipata imene mnzake wasiya, nyimbo imene ukumva palibe mmodzi amene akuiimba yekha. Sindikunena kuti Fripp anabera kwathu, iye ankamvera gamelan ya ku Indonesia. Ndikungoti khutu langa silinavutike nazo.

Magulu ena aja anakalamba n'kumaimba nyimbo zawo zakale. Ameneyu anasintha khungu katatu kanayi, ndipo nthawi iliyonse wina ankatolapo kanthu. Tool anayenda nawo limodzi mu 2001 chifukwa ankawaona ngati makolo.

NachisaleLeicester
Fripp yemwe uja amene nthawi ya Covid ankavina kukhitchini ndi mkazi wake Toyah Lamlungu lililonse pa YouTube? Ulemu wonse unathera pomwepo.

Ng'omaZisanu
Munthu amene analiza gitala ya pa Heroes ya David Bowie ali ndi ufulu wovina kukhitchini kwake.

YYZ_Area25
Mwatha maola mukuzungulira pa chilumba chimodzi ngati kuti dziko lonse ndi England. Rush bwanji? Anthu atatu a ku Toronto. Kampani yawo inawauza kuti asiye nyimbo zazitali chifukwa Caress of Steel sichinagulidwe, iwo anayankha ndi 2112 mu 1976, mbali yonse yoyamba nyimbo imodzi ya mphindi 20, ndipo ndi chimene chinawapulumutsa. Geddy Lee amaimba, amaliza besi, amaponda makiyibodi ndi mapazi, zonse nthawi imodzi. Kayambidwe ka YYZ ndi zilembo za bwalo la ndege la Toronto mu Morse code. Mukafunsa oimba a metal a masiku ano, Dream Theater ndi ana awo onse, kuti anaphunzira kwa ndani kuwerenga 7 ndi 5, ambiri atchula Neil Peart, osati Genesis.

Kaseti_C90
Zikomo pondibweretsera mboni. Mu 2017 Yes ikulowa mu Rock and Roll Hall of Fame, amene anailandira anali Geddy Lee ndi Alex Lifeson, ndipo poti Squire anali atamwalira mu 2015, Geddy ndi amene analiza besi pa Roundabout. Funsani Geddy kuti besi yake anaitengera kwa ndani. Rush ndi mwana, ife tikukamba za makolo.

YYZ_Area25
Mwana akhoza kuposa bambo ake.

Besi_wa_Ndirande
Akhoza, koma mawu a Geddy a m'ma 1970 aja mayi anga ankafunsa kuti ndani akupha mbuzi.

Mlangizi_wa_Mbewu
Ine ndabwera kudzaimirira Jethro Tull, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kuwamvera chifukwa cha dzina. Tinaphunzira kukoleji za Jethro Tull, mlimi wa ku England amene anapanga makina odzalira mbewu m'mizere cha m'ma 1701, ndiye nditaona dzinalo pa kaseti pamsika ndinaganiza kuti ndi maphunziro a ulimi. Ndinapeza munthu woliza chitoliro ataimirira mwendo umodzi ngati kakowa.

Akuluakulu amati nyimbo imodzi sachezera gule, koma Thick as a Brick ya 1972 ndi nyimbo imodzi, mphindi 43, mbali zonse ziwiri za mbale. Pa kaseti ya C90 inkakwana ndendende mbali imodzi, ndiye ndinkaimva yonse osatembenuza, ndili panjinga kupita kwa alimi. Chokoma n'chakuti Ian Anderson anaipeka monyoza. Atolankhani ankati Aqualung ndi chimbale cha nkhani imodzi, iye n'kumakana, ndiye anati dikirani ndikupatseni chenicheni, n'kunamizira kuti mawu ake analemba kamnyamata ka zaka 8, chikuto n'kuchipanga ngati nyuzipepala ya m'tauni yongopeka. Nthabwalayo inafika pa nambala 1 ku America.

YYZ_Area25
Ndipo mu 1989 analanda Grammy ya hard rock ndi metal pamaso pa Metallica. Ndi chitoliro. Anthu a metal sanakhululukebe.

MwanaWa2000
Ngati zinali zabwino choncho zinatha bwanji? Tsabola wakale sawawa madala

Singano_ya_Galamafoni
Zidadzipha zokha, ndinene ine wokonda ELP. Keith Emerson adayamba ndi kubaya limba la Hammond ndi mipeni, adafika poimba piyano ikuzungulira m'mwamba ku California Jam mu 1974. Mu 1977 adanyamula orchestra yathunthu paulendo wa ku America, ndalama zidathera panjira, oimba aja adawabweza. Nthawi yomweyo achinyamata ku Britain ntchito kulibe. Mnyamata wopanda ntchito ungamuuze kuti agule kiyibodi yodula ya Moog? Punk idamuuza kuti tenga gitala, phunzira makodi atatu, yamba lero. Johnny Rotten wa gulu la punk la Sex Pistols adadziwika ndi malaya a Pink Floyd amene adalembapo yekha kuti amadana nawo.

MphunzitsiWopuma
Tiyi ndamwa. Choyamba ndikonze pang'ono mawu a achimwene angawa. Nkhani yoti punk idapha prog imakokomezedwa. Mu 1977 momwemo Going for the One ya Yes idafika pa nambala 1 ku Britain, Animals ya Floyd idagulidwa kwambiri, ndipo The Wall idabwera mu 1979. Rotten yemweyo ataitanidwa pa Capital Radio mu 1977 kuti asankhe nyimbo zimene amakonda, adaika Peter Hammill wa Van der Graaf Generator ndi Can ya ku Germany. Chimene chidafa ndi ulemu wake m'manyuzipepala, osati nyimboyo.

Tsono funso loyamba. Ndaganiza, ndipo ndikhumudwitsa a Kaseti. Chimbale chimodzi chopambana zonse, ndikuvomera, ndi Close to the Edge. Koma gulu lalikulu ndi Pink Floyd, ndipo chifukwa changa si malonda. Ndidaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndidaona kuti kunena chinthu chovuta m'mawu ovuta aliyense angathe. Roger Waters adalemba za nthawi yotha, ndalama, misala ndi imfa m'mawu oti mwana wa Fomu 2 amva. Adataya mnzawo Syd Barrett mu 1968 mutu utasokonekera, ndipo chisoni chimenecho chili m'zimbale zawo, si chopeka. Yes ikamaimba ndimasilira. Floyd ikamaimba ndimakumbuka anzanga amene adapita. Cholakwa chawo n'chakuti Waters ndi Gilmour adali atambala awiri m'khola limodzi, ndipo atagawana palibe amene adafikanso pomwe adali limodzi.

Ng'omaZisanu
Ndiye aphunzitsi mwapereka chikho chimodzi kwa Floyd, china kwa Crimson, satifiketi kwa Yes. Mwagawa ngati tsiku lotsekera sukulu kuti kholo lililonse lipite losangalala.

NachisaleLeicester
Kholo la Genesis lapita chimanjamanja, ndipo silibweranso ku miting'i.

Besi_wa_Ndirande
Palibe amene watchula Gentle Giant, Camel, Caravan, PFM ya ku Italy, kapena Magma ya ku France imene inapeka chilankhulo chakechake choimbira. Koma ndikayamba pano mundithamangitsa pa gulu.

MwanaWa2000
Madala ndabwerako. Ndawononga bandulo yanga yonse chifukwa cha inu. Zinthu ziwiri. Roundabout ija ndimaidziwa kale!! Ndi kagitala ka pa mavidiyo oseketsa aja, kamene kamalira munthu akatsala pang'ono kugwa chithunzi n'kuima. Inachokera ku katuni ya ku Japan ya JoJo, sindinkadziwa kuti ndi nyimbo ya 1971. Chachiwiri, Schizoid Man ija ili mu Power ya Kanye West ya 2010, mawu aja ndinkaganiza kuti ndi a Kanye yemwe. Ndiye ndakhala ndikumvera madala anuwa osadziwa. Koma Close to the Edge ndafika mphindi 6 foni n'kuzima, magetsi kulibe kuyambira m'mawa.

Kaseti_C90
Wadutsa kale pamene alamu anga anagwera. Ukatchaja uyambirenso poyamba, osadumpha, ndipo uvale mahedifoni.

Mlamu_wa_Kaseti
Ndalowa pa gulu lino chifukwa ndamva kuti ndikuzengedwa mlandu ndili kulibe. Ndawerenga zonse. Aphunzitsi zikomo, mwaweruza mwachilungamo. A Ng'oma, Red ija ndaimvera m'galimoto popita kuntchito, Starless ndaibwereza kawiri, sindinama. Koma za mbalame zolira ndi kukunga zingwe za kumayambiriro kwa Close to the Edge zija maganizo anga sanasinthe. Ndipo alamu, sipika imene munandiikira nyimbo yanuyo ndi yanga, munabwereka pa Khirisimasi. Ndidzaitenga Loweruka.